Kuchotsa nkhungu pakhoma musanapake penti

Disembala akamayandikira, m'mashopu a hadiweya mumadzaza anthu ogula penti. Aliyense amafuna Khrisimasi imupeze nyumba ikuwala. Eni nyumba za lendi nawonso, munthu akangosamuka, amaitana wopenta tsiku lomwelo kuti wolowa mawa asaone madontho akuda amene ali pakona ya kuchipinda. Koma penti sapha nkhungu, amangoivundikira. Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ikalimbikira, madontho aja amatulukira pomwe paja, penti n'kuyamba kutupa, kenako kusupuka. Ndalama ya penti yapita, ya wopenta yapitanso, fungo la chinyontho lili pomwepo.

Nkhungu ndi yamoyo, ndi ya mtundu umodzi ndi bowa komanso chuku chimene chimagwira chimanga chosauma bwino. Timbewu take n'tosaoneka ndi maso ndipo timauluka mumpweya m'nyumba iliyonse, ngakhale yosesedwa chotani. Chakudya sichiisowa: fumbi, mafuta a kukhitchini omatirira pakhoma, matabwa, mapepala, ngakhale penti yemweyo. Chimene imadikira ndi madzi basi. Malo akanyowa n'kukhala tsiku limodzi kapena awiri osauma, yayamba kale kumera. Ndiye ntchito yaikulu ili pa madziwo. Kutsuka ndi kupenta n'zomalizira, ndipo n'zopepuka tikayerekeza ndi kupeza pamene madzi akulowera.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi nkhungudi

Si dontho lakuda lililonse limene lili nkhungu. M'nyumba yophikira pambaula, kapena yoyatsa makandulo ndi koloboyi magetsi akazima, khoma limada ndi mwaye. Kuti musiyanitse, nyowetsani kansanza ndi Jik wothira madzi pang'ono, mugunditse padontho limodzi, mudikire mphindi ziwiri. Pakayera, ndi nkhungu. Pakapanda kusintha, ndi mwaye kapena litsiro wamba, ndipo sopo ndi madzi ofunda n'zokwanira.

Palinso zoyera zimene zimatuluka m'munsi mwa khoma, zonyenyeka mukazifikisa ndi zala. Imeneyo si nkhungu. Ndi mchere wa m'njerwa, mumchenga ndi m'nthaka umene madzi amausiya pamwamba akamauma. Jik sauchita kanthu. Uchotseni ndi bulashi youma, chifukwa mukautsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'khoma, pakapita masabata angapo n'kutulukanso. Komabe musaunyoze, ndi umboni woti madzi akuyenda m'kati mwa khomalo. Zobiriwira zoterera za kunja, mbali imene dzuwa silifikako, ndi ndere, ndipo zimachoka ndi njira yomweyi yochotsera nkhungu.

Tsatani madzi mpaka pamene akulowera

Malo amene nkhungu yamera ndiwo amakulozerani koyambira.

Ikakhala m'mwamba, pamene khoma lakumana ndi siling'i, kapena siling'iyo ili ndi chidontho chachikasu chozungulira, nkhani ili kudenga. Kawirikawiri ndi misomali ya malata imene yagwedera ndi mphepo, mabowo akale pa malata ogwirapo kale ntchito, malata a pamsonga amene sanapindirane mokwanira, kapena magata odzaza masamba a mango moti madzi amasefukira pakhoma. Nthawi yabwino yofufuzira ndi mvula ikugwa. Lowani m'siling'i ndi tochi, muziponda pa matabwa okhaokha, muone pamene pakudontha ndipo mulembepo ndi choko. Madzi amatha kutsetsereka ndi thabwa mita imodzi kapena awiri asanagwe, choncho bowo silikhala pamwamba penipeni pa dontho nthawi zonse. Yang'anani chakumtunda kwake.

Ikakhala m'munsi, kuyambira pansi kulekeza m'mawondo kapena m'chiuno, penti akutupa ndipo pali mzere wokhotakhota pamene kunyowa kwalekezera, madziwo akukwera kuchokera m'nthaka. Madzi otere sakonda kupitirira mita imodzi. Pomanga nyumba amayenera kuyala pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko, limene amisiri amati DPC, ndipo liyenera kukhala masentimita 15 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka ya kunja, pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Nyumba zambiri zomangidwa mothamanga pepalali mulibe. Zina lilimo koma linakwiririka kalekale: amayi anaunjika dothi n'kubzala maluwa kutsamira khoma, bambo anakweza khonde, kukokoloka kwa nthaka yochokera kwa aneba a kumtunda kunamalizitsa. Tengani ambulera mvula ikugwa, muzungulire nyumba yonse, muone pamene madzi akudikha. M'madera otsetsereka ngati Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, khoma loyang'ana kuphiri ndilo limavutika kwambiri. Nyumba zomangidwa m'dambo vuto lake ndi lalikulu kuposa apa, chifukwa madzi amakhala pafupi pansi pa simenti chaka chonse.

Ikakhala pakatikati pa khoma limodzi lokha, khoma limene mvula ya mphepo imawombapo, tulukani mukaone kunja kwake. Mwina pali ming'alu, mwina kunjako sikunapakidwe pulasitala ndipo njerwa zikumwa madzi, mwina denga ndi lalifupi moti silitchinga khoma. Onaninso m'munsi mwa mawindo, pamene felemu yakumana ndi pulasitala.

Khoma likakhala logundana ndi bafa, chimbudzi cha madzi kapena sinki, ganizirani za paipi. Pali njira yosalira ndalama: tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita ya madzi, musatunge madzi usiku wonse, m'mawa muwerengenso. Manambala akasuntha, pali pena pamene pakutayika madzi. Akapanda kusuntha, yang'anani mipata ya pakati pa matailosi ndi paipi yotulutsa madzi akuda, chifukwa zimenezo mita siizidziwa.

Mtundu womaliza ndi umene anthu ambiri saukhulupirira, poti denga silidontha, paipi ili bwino, koma nkhungu ili mbuu kuseri kwa wadiropu, m'makona ndi mozungulira mawindo, timadontho ting'onoting'ono takuda. Madzi ake ndi a m'nyumba momwemo. Nthunzi ya nyemba zimene zakhala pamoto maola atatu, madzi osamba otentha, zovala zoyanika m'nyumba nthawi ya dzinja, mpweya wa anthu asanu ogona chipinda chimodzi mawindo ali chitsekere, zonsezi zikagunda khoma lozizira zimasanduka timadontho ta madzi. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje zimachuluka m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa, chimodzimodzinso kumalo ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu. Ndiye yang'anani timabowo ta mpweya tija ta pamwamba pa mawindo. M'nyumba zambiri tinatsekedwa ndi manyuzipepala kapena majumbo poopa udzudzu ndi kuzizira, ndipo ena anatimata ndi simenti. Nyumba yotere siipuma.

Ngati mukukayika pakati pa madzi a m'khoma ndi nthunzi ya m'nyumba, dulani pepala la pulasitiki loonekera, masentimita 45 mbali zonse, mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe. Lisiyeni usiku ndi usana. Mukapeza lanyowa kunsi, mbali yogunda khoma, kapena khomalo lada ndi chinyontho, madzi akuchokera m'khoma. Likanyowa pamwamba, mbali yoyang'ana m'chipinda, ndi nthunzi. Pepala lomweli mudzalifunanso musanapente, musalitaye.

Konzani chimene mwapeza

Apa palibe chidule. Khomani kapena sinthani misomali ya malata, matani mabowo, yeretsani magata. Chotsani dothi ndi maluwa otsamira khoma mpaka pepala lakuda lija lionekere, kumbani ngalande yoti madzi azipatuka asanafike panyumba, ndipo ngati thumba likulola, thirani kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba, kotsetsereka chakunja. Ming'alu ya kunja ikulitseni pang'ono ndi chizulo kuti simenti ilowe bwino, kenako muimate. Paipi yodontha iitanireni pulambala. Timabowo ta mpweya titsekuleni, muikemo kawaya ka udzudzu m'malo mwa nyuzipepala.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimatsutsana nacho. Khoma likamanyowa m'munsi, ambiri amathamangira kupakapo penti wakuda wa phula, penti wamafuta kapena kumatapo matailosi mpaka m'chiuno. Kwa miyezi ingapo zimaoneka ngati zatheka. Koma madzi aja sanapite kulikonse, angosowa potulukira, ndiye amakwera n'kukatulukira pamwamba pa mzere wa matailosiwo kapena kuseri, m'chipinda china. Nyumba imene ilibiretu DPC imafuna mmisiri wodziwa, amene amagumula njerwa pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi pa nthawi, n'kulowetsamo pepala. Ndi ntchito yodula komanso yofuna kusamala, yosayenera kupatsa aliyense wongodziwa kugwira chipande.

Za nyengo: miyezi yabwino pa ntchito yonseyi kwathu kuno ndi Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, pamene kunja kuli gwaa ndipo makoma amauma msanga. Mukaona nkhungu m'kati mwa dzinja, itsukeni pompo chifukwa cha thanzi la a m'nyumba, tsekani podontha, koma penti mumusungire chilimwe. Ubwino wake, mvula yotsalayo ikuyeserani ngati mwakonzadi.

Dzitetezeni, ndipo ena atuluke

Nkhungu imayambitsa kuyetsemula, chifuwa, kuyabwa maso ndi khungu, ndipo imadzutsa mphumu. Amene ali ndi mphumu, amene anadwalapo TB, amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika, amayi oyembekezera, makanda ndi agogo asagwire nawo ntchitoyi ndipo asakhale pafupi. Munthu amene TB inamusiyira mabala m'mapapo, mitundu ina ya nkhungu imatha kukhazikika m'mabalamo, ndiye si zoti n'kuchita nazo chibwana.

Wogwira ntchitoyo avale magolovesi a labala, magalasi oteteza maso, malaya a manja aatali amene sakuwafunanso, ndi masiki yogwira bwino kumaso. Ya N95 ndiyo yoyenera, kansalu kopyapyala sikatchinga timbewu ta nkhungu. Tulutsani katundu yense. Matiresi, makatani ndi zovala zipite padzuwa. Tsekulani mawindo onse a chipindacho koma chitseko cholowera m'nyumba chikhale chotseka, pansi pake mutsekepo ndi chisanza chonyowa. Yalani pulasitiki pansi. Ngati pakhoma pali soketi kapena switchi, thimitsani magetsi pa meni switchi musanayambe kuthira madzi.

Nkhungu ikakhala yochepera mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, munthu mmodzi atha kuthana nayo. Ikakhala yadzaza makoma a chipinda chonse, kapena nyumba inalowa madzi osefukira osakanikirana ndi za m'zimbudzi monga zinachitikira m'madera ambiri a kumwera nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, funani anthu odziwa, ndipo nyumbayo musagonemo mpaka itauma.

Kusakaniza mankhwala

Jik wamba amene timachapira ndi wokwanira. Thirani kapu imodzi ya Jik m'makapu atatu a madzi ozizira, m'ndowa ya pulasitiki. Madzi otentha amatulutsa mpweya wotsamwitsa n'kufooketsa mankhwalawo, ndipo ndowa yachitsulo imachita dzimbiri. Ngati muli ndi klorini wa ufa wa HTH, supuni yaikulu imodzi yosasefukira pa lita imodzi ya madzi ndi yokwanira. Takasani, mudikire zoyera zikhale pansi, mugwiritse ntchito madzi a pamwamba. Sakanizani wongokwanira tsiku limenelo, wogona amakhala atatha mphamvu. Kuthira Jik wosasungunula sikupha nkhungu kuposa apa, kumangokuwotchani manja ndi mphuno.

Chenjezo ili ndi la moyo: Jik kapena HTH musamusakanize ndi viniga, mankhwala otsukira m'chimbudzi, asidi wa batire, kapena mankhwala alionse okhala ndi ammonia. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene m'bafa yaing'ono ungathe kumugwetsa munthu. Pa intaneti pali malangizo ambiri osakaniza izi ndi izi kuti mankhwala akhale aukali. Asiyeni. Mukayamba kutsokomola, maso kuwawa kapena chifuwa kubanika, tulukani panja msanga, ndipo zikapitirira pitani kuchipatala.

Amene fungo la Jik limawadwalitsa atha kugwiritsa ntchito viniga woyera wosathira madzi, kumusiya pakhoma ola limodzi asanatsuke. Amathandiza pa nkhungu yochepa ya pa penti kapena pa matailosi, koma sayeretsa madontho, ndipo pa laimu ndi pulasitala wosapenta amangochita thovu n'kutha mphamvu. Mukasankha viniga, khalani pa viniga. M'mahadiweya akuluakulu mumapezekanso mankhwala opangidwira kupha nkhungu pakhoma, ndipo amenewo tsatirani zolembedwa pabotolo, chifukwa ena satsukidwa mukapaka.

Kutsuka

Lamulo loyamba: nkhungu youma siipalidwa, siisesedwa, siikwechedwa ndi sandipepa. Mukatero mumaiulutsa nyumba yonse, ina n'kulowa m'mapapo mwanu. Yambani mwanyowetsa.

Tsukani kaye khoma ndi madzi a sopo, wa ufa kapena wotsukira mbale, pogwiritsa ntchito bulashi yolimba yochapira. Ambiri amadumpha apa n'kuthamangira Jik, koma litsiro ndi mafuta zimamudya mphamvu asanafike pa nkhunguyo. Mukakwecha, pukutani ndi chisanza choviika m'madzi oyera mpaka sopo atachoka.

Tsopano pakani madzi a Jik aja ndi siponji kapena bulashi yakale ya penti. Kupopera ndi botolo n'kofulumira, koma kumamwaza mankhwala mumpweya umene mukupuma, ndiye kulibwino kupaka. Musalekezere pamene pali madontho pokha, pitirirani theka la mita mbali zonse, chifukwa nkhungu imakhala itafika kale pamene maso sakuona. Siyani khoma lili chinyowere kwa mphindi 15 mpaka 20. Pakayamba kuuma nthawi isanakwane, pakaninso. Mudzaona madontho akuda akusanduka otuwa, kenako achikasu, ena n'kuzimiririka. Kwechaninso ndi bulashi, makamaka m'makona ndi m'timaenje ta pulasitala, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera kawiri. Jik wotsalira pakhoma amalepheretsa penti kugwira bwino.

Penti amene watupa kapena akusupuka mupaleni khoma likadali lonyowa, ndi chopalira chachitsulo, mpaka mufike pamene wagwira zolimba. Nthawi zambiri kunsi kwake mumapeza nkhungu ina yobisala, yakuda kuposa ya pamwamba. Pamenepo pakaniponso mankhwala ndi kudikira mphindi zomwe zija. Mawa lake yenderaninso khomalo masana kukuwala. Pakakhala madontho otsala, bwerezani. Kuyera kwa dontho sikutanthauza kuti zonse zafa, choncho pamene nkhungu inali yochindikala kubwereza kachiwiri n'kwanzeru ngakhale pakuoneka poyera.

Nyumba zakale zimene zitseko, mawindo ndi makoma a m'bafa zinapakidwa penti wamafuta zimafuna kusamala kwina. Penti wamafuta wakale amatha kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana aang'ono. Mukwecheni ali wonyowa, zopalidwazo muzikulunge m'jumbo, ndipo pansi mukolope m'malo mosesa. Zisanza, siponji ndi pulasitiki woyala pansi zipite m'jumbo lomwelo, mumange, mukataye kumene ana ndi nkhuku sangatole. Zovala zanu zichapidwe pazokha.

Zimene kutsuka sikungapulumutse

Gogodani khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pamene pulasitala wagwira pamalira molimba, pamene walekana ndi njerwa pamalira ngati ng'oma. Pamalo potero, komanso pamene pulasitala akunyenyeka mukakanda ndi chala, gumulani mpaka panjerwa, musiye njerwazo ziume, kenako mupake wina. Mchenga wake ukhale wa kumtsinje, wosefa bwino, wopanda dothi, ndipo simenti musaumire. Pulasitala wosakaniza moumira ndi amene amamwa madzi. Watsopanoyo amafuna pafupifupi masiku 28 asanalandire penti.

Siling'i ya bodi imene yafufuma, yalendewera kapena nkhungu yalowa mpaka kuseri, ichotseni muike ina. Mabodi otere amamwa madzi ndipo mankhwala safika m'kati. Matabwa a denga ndi mafelemu a zitseko, ngati sanafumbwe, atsukeni ndi sopo, aume bwinobwino, muwakweche, kenako muwapake mankhwala oteteza matabwa. Thabwa limene msomali ukulowa mongokankha ndi chala lawola, lisinthidwe.

Nyumba ya njerwa zomangira dothi, kapena yozira, musaithire madzi ambiri. Nyowetsani pang'ono pamene pali nkhungu, palani dothi la pamwamba, musiye paume, muzirenso.

Kuumitsa

Gawo limene limatayitsa anthu ndalama ndi ili, chifukwa wopenta amafuna amalize alandire zake, inunso mwatopa kugona pabalaza. Khoma limauma pamwamba m'maola ochepa, koma m'kati limatenga nthawi. Ngati nkhungu inali ya nthunzi chabe ndipo mwangotsuka pamwamba, masiku awiri kapena atatu a dzuwa, mawindo ali otsekula, ndi okwanira. Ngati khoma linamwa madzi a denga, a paipi kapena a m'nthaka, werengerani masabata, ndipo khoma lochindikala limene lanyowa dzinja lonse limatha kufuna miyezi.

Fani imathandiza, koma muiyatse mutamaliza kutsuka, osati nkhungu ikadali pakhoma. Mbaula musaiyese n'komwe. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira timamva za anthu amene anagona osadzukanso chifukwa cha mbaula.

Musadalire kugwira ndi dzanja. Tengani pepala la pulasitiki lija, mulimatenso pamalo pamene panali ponyowa kwambiri, mulisiye usiku ndi usana. Kunsi kwake kukakhala kouma ndipo khoma silinasinthe mtundu, mutha kupenta. Kukachita thukuta, dikirani sabata ina. Mchere woyera ukatulukanso pamene mukudikira, upukuteni wouma. Ukamangotulukabe osaleka, madzi akulowabe penapake, bwererani panja mukafufuzenso.

Kupenta

Matani timaenje ndi ming'alu ing'onoing'ono ndi phala lomatira lotchedwa filler, liume, mukweche ndi sandipepa mpaka dzanja lisamve malire, kenako pukutani fumbi lonse ndi chisanza chofinya. Khoma limene kale linkapakidwa laimu lipaleni mpaka laimuyo atachoka, apo ayi penti adzasupuka pamodzi naye. Fikisani chikhatho pakhoma. Chikayera ndi ufa, khomalo silinakonzeke.

Pa pulasitala watsopano ndi ponse pamene mwapala mpaka pasimenti, yambani ndi penti woyambira wa pulasitala, wotchedwa primer. Madontho achikasu a madzi amabowola penti wamadzi ngakhale mupake kanayi, choncho pamenepo pakanipo kaye penti wa kunsi wamafuta, wotchedwa andakoti, aume usiku wonse. Pamwamba pake mupake penti kawiri, ndipo pakati pake mudikire maola amene alembedwa pachitini.

Kuchipinda ndi pabalaza, penti wamadzi wa PVA wabwino ndi wokwanira, ndipo ubwino wake amalola khoma kupuma. Kubafa ndi kukhitchini gulani wotheka kutsuka, wolembedwa kuti ali ndi mankhwala oletsa nkhungu. Mankhwalawo amachedwetsa nkhungu yatsopano pakhoma loyera ndi louma, saapha imene mwaisiya kunsi. Kunja kumafuna penti wa kunja, wa m'kati sachedwa kusuluka ndi dzuwa ndi mvula. Khalani pafupi pamene wopenta akutsekula chidebe. Ena amathira madzi ochuluka kuti chidebe cha malita 20 chikwane nyumba yonse, ndipo penti wotero amauma wopyapyala, wosachedwa kugwidwanso. Muyezo wa madzi walembedwa pachidebe, nthawi zambiri supitirira gawo limodzi pa magawo khumi. Pentani m'mawa mame atauma, tsiku lopanda mvula, mawindo ali otsekula.

Laimu musamuderere. Anthu amamuona ngati wa osauka, koma nkhungu siikonda kumera pa laimu chifukwa ndi waukali, ndipo amalola chinyontho kutuluka m'malo mochitsekera m'khoma. Pa nyumba yopanda DPC imene simungathe kuikonza chaka chino, kapena m'sitolo yosungiramo matumba a chimanga, ine ndingasankhe laimu kusiyana ndi penti wodula amene adzatupe pofika Malichi. Kuipa kwake amadetsa zovala mukatsamira ndipo amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Popaka tetezani maso, amawotcha.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi

Jambulani zithunzi musanatsuke, muwatumizire eni nyumba pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku. Denga, paipi ndi ngalande ndi mbali yawo. Kutsekula mawindo ndi kuyanika zovala panja ndi mbali yanu. Mukagwirizana kuti mukonze ndi ndalama zanu adzachotsere pa lendi, zilembedwe, ndipo malisiti musunge. Pofuna nyumba, fungo la penti watsopano m'kati mwa dzinja lisakukopeni. Gwirani khoma m'munsi, yang'anani siling'i, ndipo funsani aneba mmene pamakhalira mvula ikagwa.

Abale athu okhala ku Britain amalidziwa vutoli mwa mtundu wina. Kumeneko mawindo amakhala otseka miyezi yonse yozizira, zovala zimayanikidwa m'nyumba, ndipo chifukwa cha kudula kwa gasi ndi magetsi anthu amaopa kutenthetsa nyumba, ndiye nthunzi imadzaza m'makona. Ku Rochdale mwana wa zaka ziwiri anamwalira mu Disembala 2020, ndipo mu 2022 bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti chinamupha ndi kukhalitsa m'nyumba ya nkhungu. Ngati mukuchita lendi kumeneko, dziwitsani eni nyumba polemba kalata kapena imelo, ndipo akamazengereza kadandauleni ku khonsolo. Makoma ambiri a kumeneko ndi a mabodi kapena omatidwa mapepala okongoletsa, ndipo nkhungu ikalowa kuseri kwa zimenezo zimafunika kuchotsedwa, osati kutsukidwa. Kwa abale okhala ku Cape Town, ku South Africa, mvula imagwa nthawi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, choncho kumeneko nyengo yopentera ndi imene kwathu kuli dzinja.

Pobwezera katundu

Penti aume masiku angapo musanalowetse katundu. Wadiropu, bedi ndi sofa zitalikirane ndi khoma mpata wokwana chikhatho kuti mpweya uzidutsa, ndipo kuseri kwa wadiropuyo kutsukeni kaye, chifukwa nthawi zambiri nkhungu imabwerera m'chipinda itakwera pa katundu yemweyo. Masutikesi, nsapato ndi makatoni a mabuku musaziunjike pakona ya khoma loyang'ana kunja. Mukasamba madzi otentha siyani windo la kubafa lotsekula, ndipo pophika zokhalitsa pamoto vundikirani poto.

Mvula ikafika pachimake mu Febuluwale, sunthani wadiropu muyang'ane kuseri ndi tochi. Kadontho kamodzi kapena tiwiri pukutani pompo ndi madzi a Jik a muyezo uja. Penti wotsala musungeni m'chitini chotseka bwino, pamthunzi, mulembepo dzina la mtundu wake ndi chipinda chimene munapaka, kuti podzakonza pamalo pamodzi musadzagule chidebe chathunthu cha mtundu wosiyana.